Musacheke mtengo wa mphira asidi asanafike pakhomo

Mphira yanga yagulidwa tsopano, mtima wakhala pansi. Koma zimene ndaona sindifuna zimugwere mnzanga, makamaka inu a chakuno ku Dwambazi amene muli ndi timitengo tingapo timene makolo anabzala atasirira ya ku esiteti ya mphira ya Vizara, ku Nkhata Bay.

Mtengowu kwawo ndi ku Brazil, kunkhalango ya Amazon, ndipo sufuna phuma. Udikireni ukwane zaka 6 kapena 7, thunthu lake lifike masentimita 50 kuzungulira. Kucheka ndi m'bandakucha, kukadali kozizira, chifukwa dzuwa likakwera utomoni umaleka msanga kutuluka. Mumasenda kakhungwa kopyapyala mopendekera, kuchokera m'mwamba kumanzere kutsikira kumanja, theka la thunthu basi. Utomoni umakhala m'khungwa momwemo, ndiye mpeni usafike pa thabwa. Mukalasa mkati mtengo umachita zipsera zamabampu, m'tsogolo mudzasowa pocheka.

Tsono nkhani ya asidi. Utomoni ukatuluka umaoneka ngati mkaka, ndipo mphira yeniyeni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kwinako ndi madzi. Kuti igwirane bwino pamafunika asidi wotchedwa formic acid. Ndinapita pa sitolo ina m'tauni, mwini wake n'kundiuza kuti ndisiyiretu theka la ndalama aitanitse ku Lilongwe. Ndinalipira. Atandiimbira anati, "Madala, chekani basi, katundu ali m'minibasi, afika masana." Ndinacheka mitengo yonse, ndowa n'kudzaza, ine ulendo wa kutauni. Ndinakhala pakhonde la sitoloyo mpaka dzuwa kupendeka, mnyamata wogulitsa akungoti bwana atuluka pang'ono. Asidi sanabwere tsikulo, ngakhale mawa lake. Ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera inapita pachabe, ndipo ija ndinasiya anandibwezera modukizadukiza, mochita kupempha ngati si yanga. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa akanangonena zoona kuti katundu kulibe, mitengo yanga sindikanaikhudza.

Pofika kunyumba utomoni unali utagwirana wokha m'ndowa, chibuma chonunkha moti ana anathawa pakhonde. Utomoni sudikira munthu, pakangopita maola ochepa tizilombo tosaoneka timayamba kuuwolesa. Makampani amathiramo mankhwala otchedwa ammonia kuti ukhalebe wamadzi, ndipo ndi umene amapangira magolovesi a kuchipatala, makondomu ndi mabaluni. Ife a m'mudzi tilibe zimenezo. Asidi akhale m'nyumba kaye, mpeni pambuyo.

Anandipulumutsa ndi agogo ena amene anagwirapo ntchito pa esiteti. Iwo anangoti, "Mwanawe, viniga woyera wa mugolosale amagwiranso, kungoti amalowa wambiri." Nditachekanso, zoonadi anagwira. Mumasakaniza utomoni ndi madzi oyera m'beseni lapulasitiki, kuthira viniga pang'onopang'ono mukutakasa, n'kuyengula thovu la pamwamba. Ukalimba mumaufinya ndi botolo pathabwa mpaka uphwatalale, kuutsuka, n'kuuyanika pamthunzi podutsa mphepo kapena kuufukiza utsi masiku angapo. Padzuwa ayi, umayamba kumata. Chiwiya chamkuwa chisayandikire, chimawononga mphira.

Ndatsala pang'ono kuiwala sefa. Sefani utomoni musanathire chilichonse. Wogula amatukula chidutswa chilichonse n'kuchiyang'anitsa kowala, akaona kachitsotso kapena mchenga, mtengo watsika pomwepo. Mphira yotereyi imakathera ku matayala ndi nsapato, ndiye safuna zinyalala. Komanso kukagwa mvula usiku musavutike n'kudzuka, madzi otsika pathunthu amakokolola utomoni wonse. Amene khungu lawo limayabwa kapena kutupa akaugwira asiyire ena ntchitoyi, matupi ena sagwirizana nawo.

Mtengo umodzi musaucheke tsiku lililonse, muzidumphitsa tsiku limodzi kapena awiri kuti upume. Wogula mugwirizane naye mtengo musanayambe, ndipo wa sitolo akakuuzani kuti katundu ali m'njira, muuzeni kuti ndalama mupereka botolo likakhala m'manja mwanu.