Loweruka ku Ulongwe: yankho la mwini ndege lafika

Kuzizira kwa Juni kuno ku Angónia kunandisunga m'nyumba m'mawa wonse, ndipo nditatsegula kompyuta ndinapeza imelo imene ndakhala ndikuidikira kwa masabata atatu. Inachokera kwa munthu wa ku Ulaya amene anapanga ndege ya Embraer 190 yaulere yomwe ndimaulutsa mu Flight Simulator X, pulogalamu ya pakompyuta ya 2006 yoyerekezera kuulutsa ndege. Kompyuta yanga ndi yakale, siingakwanitse Microsoft Flight Simulator ya 2020 imene inapangidwa ndi Asobo Studio ku Bordeaux, choncho ndikadali pa pulogalamu ya 2006, ndipo zinthu zambiri zimene zimaikometsa ndi ntchito za anthu ongodzipereka amene sanandilipiritsepo kalikonse.

Nkhani yake ili motere. Kwa miyezi iwiri, madzulo alionse ndikaweruka kuntchito, ndinkapenta ndege imeneyi kuti ifanane ndi za LAM, kampani ya ndege ya dziko lathu la Mozambique, chifukwa ndinkafuna kuti ndikamanyamuka pabwalo la Chingozi, limene m'mapu a oyendetsa ndege limalembedwa FQTT, ndikhale ndikuwoloka Zambezi m'ndege ya kwathu. Nditamaliza ndinafuna kuikweza pa intaneti kuti ena asangalale nayo, koma mu fayilo ya readme, kafayilo ka malangizo kamene kamabwera ndi ndegeyo, mwini wake analembamo momveka bwino kuti wina asakweze ndegeyo kwina kulikonse, asaigulitse, ndiponso asafalitse zimene wasintha asanapemphe. Ndinalemba kalata yopempha, ndipo ndivomereze kuti kudikira kunandiwawa, pakuti ntchito inali itatha ndipo mtima unkafuna kuionetsa.

Yankho lake linali laulemu kwambiri. Wandilola kukweza mafayilo a penti okha, popanda ndege yeniyeniyo, ndipo wapempha kuti ndilembe dzina lake ndi malo amene anthu angatsitse ndegeyo kuchokera kwa iye mwini. Anafotokozanso chifukwa chake, chimene sindinachiganizirepo: mawu a injini ndi zida zina za m'chipinda cha woyendetsa si zake, anazibwereka kwa anzake awiri amene anamulola kuziika m'ndege yake yokhayo. Choncho ngakhale akanafuna kundipatsa ufulu wonse, sakanatha kupereka chinthu chimene iyenso anangobwereka.

Masana kunabwera mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene amathandiza pa kabenchi kena pamsika pomwe amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Iye ndi amene ndinamuphunzitsa kutera ndege chaka chatha, ndipo lero anabwera ndi fulashi komanso ganizo. Anati, "Malume, muli ndi ndege zambiri ndi mabwalo ambiri m'kompyutamu. Bwanji mundikopere zonse ndizikagulitsa pa meticais pang'ono kwa anyamata amene alibe mamega? Paja zonsezi ndi zaulere." Sindinamukalipire, chifukwa vuto limene ankanena ndi lenileni. Ndege imodzi yabwino imatha kudya mamega amene munthu akanagwiritsa ntchito sabata yonse, ndipo kuno kupatsirana zinthu pa fulashi ndi mmene ambiri timapezera chilichonse.

Ndinamufunsa ngati amakumbukira mayi wina woyandikana nafe amene amatilola kuthyola nkhwani m'munda mwake nthawi ya dzinja. Ndinati, kodi tsiku lina utathyola dengu lonse n'kukaliyala pamsika, mayiyo angamve bwanji atakupeza? Ndiwo ija anatipatsa kuti tidye, sanatipatse munda. Mnyamatayo anaseka pang'ono, kenako anati munda umatha koma fayilo ukaikopa siichepa. Ananena zoona, ndipo tinakhalapo nthawi yaitali pa mfundo imeneyi. Chimene chimachepa si fayilo ayi, koma mtima wa wopangayo. Munthu amene watha zaka akujambula mapiko ndi kukonza mmene ndege ikhotera, akaona ntchito yake ikugulitsidwa ndi wina, kapena dzina lake litafufutidwa, nthawi zambiri amangosiya kupanga, mwinanso n'kuchotsa zimene anaika kale. Palinso vuto la makope akale: iye amakonza zolakwika n'kutulutsa ndege yatsopano pamalo amodzi, koma kope lakale likamazungulira kwina, anthu amamulembera madandaulo pa zinthu zimene anazikonza kalekale.

Ndinamuuzanso kuti mawu akuti "zaulere" amabisa zinthu zosiyana. FlightGear ndi pulogalamu yathunthu yoyerekezera kuulutsa ndege imene ili pansi pa chilolezo cha GPL, ndipo kodi (malamulo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu) ya ndege ya A32NX ya gulu la FlyByWire ilinso pansi pa GPL. Eni ake a zimenezi anasankha okha kuti aliyense akhoza kukopa, kusintha ndi kugawa, malinga ngati asunga chilolezo chomwecho ndi kupereka kodi ya pulogalamuyo kwa amene walandira. Ena anasankha njira yothina, monga mwini Embraer yanga. Onsewa anapereka mphatso, koma aliyense anaikapo malire ake, ndipo malo odziwira malirewo ndi kafayilo kamene ambiri timakadumpha pothamangira kuulutsa ndege.

Pali mfundo ina imene ine ndemwe ndinaibweretsa, chifukwa yakhala ikundivutitsa. Mu Meyi 2009 anthu oipa anawononga makompyuta a AVSIM, malo amene ankasunga mafayilo ochuluka a okonda masewerawa, ndipo pa nthawi ngati imeneyo makope amene anthu anasunga kunyumba amakhala amtengo wapatali. Ndiye kodi kukopa n'koipa nthawi zonse? Ine ndikuona kuti kusunga kope lako n'kwanzeru, ndipo palibe wopanga amene ndinamuona akuletsa zimenezo. Chimene amakana ndi kuti wina adziike pamalo pawo n'kumagawa ngati ndi mwini.

Tisanasiyane tinagwirizana zochita. Tinatsegula mafoda amodziamodzi n'kumawerenga readme iliyonse, iye akuwerenga Chingerezi mokweza, ine ndikumasulira pamene pamuvuta. Zimene eni ake analoleza kugawa tinaziika pa fulashi yake zosasintha kanthu, ndi mafayilo a chilolezo ali momwemo, ndipo walonjeza kuti azipereka popanda kulandira ndalama. Zoletsedwa tinazisiya, koma tinalemba mndandanda wa malo amene zimapezeka kuti wofuna akatsitse yekha. Zinalipo zinayi zimene sizinanene kalikonse pa nkhani yogawa, ndipo ndinamuuza kuti kukhala chete kwa munthu si chilolezo. Iye mwini ndi amene alembere eni akewo, ndipo ndamuuza kuti afotokoze poyera za kudula kwa intaneti kuno, chifukwa mwina ena sadziwa mmene zinthu zilili kwathu.

Usiku uno ndakweza penti yanga ya LAM monga mmene ndinauzidwira, dzina la mwini ndege lili pamzere woyamba, langa pamzere wachiwiri. Kenako ndinanyamuka pa Chingozi kulowera ku Beira, mnyamata uja atakhala pambali panga akundiwerengera liwiro, mpaka mayi ake anaimba foni kuti nsima yapsa.