Mmene 1080p Inandiyalutsira Pamaso pa Apongozi

Mkangano wonse unabwera ndi kanthu kamene alamu anga anatulutsa m'chikwama atangofika kuchokera ku Joni. Anthu ena pobwera kumeneko amanyamulira abale mabulangete, mapoto ndi sopo. Alamu anga ananyamula Nintendo Switch, kamakina ka m'manja kosewerera magemu, ndi mwano.

Tisanamalize n'komwe kulonjerana, anasuzumira pansi pa TV pamene pamakhala PS4 yanga yosewerera magemu, yofunda kansalu koluka kuopa fumbi, n'kuseka. "Alamu, chigayo chija chikadalipo?" Amaitcha chigayo chifukwa cha kulira kwa fani yake. Kulirako imaliradi, makamaka mwezi wa Okutobala. Koma ndi yanga, ndinaigula ndi thukuta langa kwa mnyamata wina amene anaigulitsa ndi magemu ake momwemo, ndipo munthu sungamanyozedwe m'nyumba mwako ndi mchimwene wa mkazi wako, mwana amene unkamugulira yunifomu ya sukulu dzanadzanali.

Chinakolezera moto n'chakuti tonse timasewera gemu imodzi, The Witcher 3. Kwa amene simuidziwa, ndi gemu ya nthano yaitali imene inapangidwa ku Poland ndi kampani ya CD Projekt Red, n'kutuluka mu Meyi 2015. Umakhala Geralt, mkulu wina wa tsitsi loyera amene ntchito yake ndi kupha zilombo molipidwa, n'kumayendayenda pa hatchi yake Roach kufunafuna Ciri, mtsikana amene anamulera. Ukasankha yankho lolakwika lero, mudzi wonse udzapsa mawa. Si gemu yoti ungosewera podikira nsima. Imadya miyezi.

"Imeneyi ine ndili nayo muno," anatero alamu, akugogoda kachinthu kawo ndi chala. "Yonse, ndi zowonjezera zake ziwiri zomwe, Hearts of Stone ndi Blood and Wine. Pa kakhadi kamodzi ka 32GB."

Ine manambala ndimawadziwa, ndiye ndinawakhazika pansi. Ndinati alamu, PS4 imatulutsa gemu imeneyi pa 1080p, kutanthauza timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Mukachulukitsa ndi timadontho 2,073,600 pa chithunzi chimodzi. Kanu ako, kamene anachita kukapanikizira gemuyi mu 2019, mukakagwira m'manja kamatulutsa 540p, timadontho 518,400. Ndendende gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukakalumikiza ku TV kamayesetsa mpaka 720p, koma choikirapo chake mwachisiya ku Joni. Memore ya PS4 ndi 8GB, yanu ndi 4GB. Mukufuna tikambirane chiyani?

Iwo sanatekeseke. Anati sikirini yawo ndi ya mainchi 6.2, timadontho tija timakhala tothinana, diso silingaone kusiyana. Anati tonse tili pa zithunzi 30 pa sekondi, palibe wothamanga kuposa mnzake. Kenako anandibaya pamtima: "Ine ndasewera kuchokera pa Beitbridge mpaka ku Tete, ndi kapawabanki m'thumba. Inu chigayo chanu mungakwere nacho basi? Nanga magetsi akathima mumasewera chiyani, bawo?"

Tinayesa kuitana mboni. Mnzanga wa Xbox One tinamuimbira foni, koma titakumbukira kuti kwake gemuyi nthawi zambiri imayenda pa 900p, tinagwirizana kuti alibe mawu pa bwalo lino. Wina wa PS5 anatumiza uthenga wautali woti kuyambira mu Disembala 2022 iye amasewera pa zithunzi 60 pa sekondi ndipo tonse awiri ndife anthu akale. Ameneyo sitinamuyankhe.

Kutsutsa galu n'kukumba. Tinapangana kuti Lachinayi, mayi a kunyumba akapita ku ntchito ndipo ana ali ku sukulu, tiike makina awiriwa pamodzi tione ndi maso. Apongozi anali atatumiza mawu kuti adzabwera Loweruka kudzaona mwana wawo wa ku Joniyu, ndiye nyumba inali yathu.

Vuto loyamba linali malo oyerekezera. Ine gemu yanga inali itafika ku zilumba za Skellige, kozizira, kwa mitambo ndi mafunde. Ya alamu inali ku Toussaint, dziko la dzuwa ndi minda ya mphesa, kumene chilichonse chimaoneka chokongola ngakhale utachionera pa chiyani. Alamu amafuna tipite ku madambo a Crookback Bog, chifukwa anamva kuti gemuyi itangotuluka PS4 inkatsimphina kumeneko, zithunzi n'kumatsikira cha m'ma 20 pa sekondi. Ndinati zimenezo anakonza kalekale. Ine ndimafuna tilowe mumzinda wa Novigrad, pamsika pamene pamadzaza anthu, chifukwa m'pamene Switch imapumira m'mwamba. Aliyense amafuna kukokera mnzake kumene akadziwa kuti akagwa.

Pamapeto tinati chilungamo n'kuyambira pachiyambi. Gemu yatsopano, tonse kudina nthawi imodzi.

Ndinapukuta TV ndi kansalu konyowa. Ndinatsegula makatani pang'ono, ndikukweza sipika kuti nyimbo zimveke mphamvu yake. Alamu anakhala pa mkono wa mpando, ka Switch kali m'manja, atakaloza ku TV kuti zithunzi ziwirizo zionekere limodzi. Tinawerenga mpaka katatu n'kudina.

Choyamba pamabwera kafilimu ka nkhondo. Alamu anati kameneko tisawerengere, kanajambulidwiratu, makina sakugwira ntchito iliyonse. Ndinavomera, chifukwa n'zoona. Mayeso enieni amayamba pamene gemu yeniyeni yayamba kujambula yokha, ndipo onse amene anasewerapo akudziwa pamene imayambira: ku linga la Kaer Morhen, m'chipinda chapamwamba, Geralt ali m'bafa la matabwa, mapazi ali panja, nthunzi ili tolotolo. Pambali pake, pa mpando wautali, pagona mayi wina dzina lake Yennefer akuwerenga buku, atavala thaulo kumutu. Kumutu kokha.

Kunena zoona, ngati mukufuna kuyesa makina, malo amenewa ndi abwino. Pali madzi, pali nthunzi, pali kuwala kolowera pawindo, pali khungu la munthu, zinthu zimene kompyuta imavutika nazo. Ndipo ndinaona kuti ka Switch kaja si kamasewera. Zonse zinalimo. Kuti anthu anakwanitsa kulowetsa dziko lonse lija m'kanthu kolowa m'thumba la jekete, n'zofunika kuwavulira chipewa, ngakhale mawu amenewa sindikanawanena alamu akumva. Koma pafupi ndi TV yanga kamaoneka ngati wina wapaka mafuta pagalasi. Zipsera za pa chifuwa cha Geralt kwa ine zimawerengeka chimodzichimodzi, kwa iwo zinali timizere tosungunuka. Matabwa a bafa kwa ine amaoneka mitsempha yake, kwa iwo linali thabwa limodzi lofiirira.

Chimwemwe chinandikwera kumutu. Ndinaponya padi yoyendetsera gemu pa mpando, ndikuimirira, ndikupita pa TV penipeni. Kamera inali itatembenukira kwa mayi wa thaulo uja. Ndinaika chala pa sikirini ndikukuwa kuti ndipose sipika:

"Alamu, senderani pafupi muone bwino! Apa palibe chobisika! Zonse zili poyera! Izi n'zimene ndimakhalira usiku wonse ine!"

"Odi kuno."

Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Pakhomo panaima apongozi anga, atavala yunifomu ya Mvano, bulauzi yoyera yosita bwino, duku loyera, Baibulo m'manja. Kumbuyo kwawo kunali amayi ena atatu ovala chimodzimodzi. Anali ndi msonkhano ku tchalitchi cha kufupi ndi kwathu, ndipo anaganiza zodzera kuti anzawo aone mwana wawo wa ku Joni komanso mkamwini wawo amene amamutama kuti sapita ku mowa, amangokhala pakhomo.

Tsono apa m'pamene ndinaona ubwino weniweni wa Switch, umene sulembedwa pa katoni. Pamwamba pake pali kabatani kamodzi. Alamu anakadina, sikirini n'kuda, kachinthu n'kulowa pansi pa khushoni, iwo n'kudzuka manja ali m'mwamba: "Amayi! Mwafika!" Zonsezi chala changa chisanachoke pa TV.

Ndinadumphira padi. Padi inali itathima, batire latha, ndipo chingwe chake mayi a kunyumba anapita nacho ku ntchito kukatchajira foni. Rimoti ya TV ana anaisiya kumene amadziwa okha. Ndinagwada pa PS4 kuti ndiizimitse ndi dzanja. Amene muli ndi PS4 yoyamba ija mukudziwa timabatani take tiwiri, topyapyala, tofanana, kena kozimitsira kena kotulutsira disiki. Ndinakhudza kotulutsira disiki. Poti gemu yanga ili m'kati mwa makina momwemo, inangolira kuti pi pi pi, chithunzi chili pomwepo.

Ndisanayesenso, apongozi anali atalowa n'kukhala pa mpando woyang'anizana ndi TV, anzawo n'kundanda pambali. "Tiyeni tilonjerane kaye, apongozi," anatero mofatsa. Ndipo inu mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini sapatsa apongozi msana n'kumagwiragwira mawaya iwo atapempha moni. Ndinatembenuka, ndikunyonyomala chapatali, ndikuwomba m'manja.

"Muli bwanji, amayi?"

"Tili bwino, kaya inu apongozi?"

"Tili bwino, zikomo. Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino. Chifuwa chokha ndi chimene chavuta ana."

Amatero maso awo akudutsa pamwamba pa mutu wanga. Kumbuyo kwanga sipika imatulutsa phokoso la madzi a m'bafa ndi mawu a mayi uja, okoka, a munthu amene sakufulumira kuvala. Ndinasunthira kwa mayi wachiwiri. Muli bwanji amayi, tili bwino kaya inu. Wachitatu anali wosamva bwino khutu limodzi, ndiye moni ndinachita kubwereza. Wachinayi sanayankhe n'komwe, anali atavula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwavalanso.

Mumtima ndimapempha chinthu chimodzi. Magetsi a kwathu kuno amathima pakati pa mpira, amathima uli ndi malaya amodzi pa ayironi, amathima mwana akuwerengera mayeso. Tsiku limenelo anali chiyakire, owala bwino, osaphethira ngakhale kamodzi. Chigayo nacho chinayamba kulira mokondwa.

Amene anandipulumutsa ndi alamu omwewo. Anadutsa modekha, n'kuzula pulagi kukhoma, n'kupukusa mutu ngati munthu amene wakhumudwa kwambiri ndi zimene wapeza m'nyumba ya mlongo wake.

Tiyi anamwedwa mwa ziii. Potsanzikana, mayi wa magalasi uja anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti andikumbukira m'mapemphero. Apongozi sanabwerere nawo. Anati adikira mwana wawo wamkazi.

Madzulo bwalo linakhala. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo: kuti ndi gemu, kuti ndi ya ku Poland, kuti malo amenewo ndi mphindi zochepa chabe ndipo kutsogolo konse ndi kupha zilombo ndi kusewera makhadi a Gwent, kuti timayesa timadontho. Mawu oti timadontho sanandithandize. Mayi a kunyumba anafunsa kuti ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani ndinati n'zimene ndimakhalira usiku wonse. Ndinati ndimanena za 1080p. Anafunsa kuti ameneyo ndiye ndani.

Pamenepo ndinaloza alamu. Ndinati nawonso anali ndi zomwezo m'manja, afunseni, kali pansi pa khushoni apo. Ndipo Switch ili ndi khalidwe lakuti ukaidzutsa imapitiriza pomwe inagonera. Alamu anakatulutsa monyinyirika, n'kudina, n'kupereka kwa mayi awo. Ndinadziwa kuti tsopano tifera limodzi.

Apongozi anakalandira ndi manja awiri. Anakaika patali. Anakabweretsa pafupi ndi mphuno. Anakapendeketsa ku nyali.

"Ine apa palibe chimene ndikuona," anatero. "Kaya ndi pilo, kaya ndi munthu. Mwanayu musamunamizire." Anabweza kachinthuko n'kutembenukira kwa ine. "Koma za pa TV panu paja, apongozi, ndinaona zonse. Ndi maso anga okalambawa, ndili pakhomo. Zonse."

Ndinayesetsa kudzigwira, koma zinatuluka zokha. "Alamu, mwamva? Ali pakhomo!"

Mayi a kunyumba anandiponda phazi moti chala chachikulu chinatupa.

Chigamulo chinali chakuti PS4 ikapume pamwamba pa wadirobu mpaka apongozi adzaone kusintha, ndipo Lamlungu ndikakhale kutsogolo. M'mawa mwake ndikutsuka m'kamwa kuseri, alamu anabwera ka Switch kali m'khwapa.

"Alamu, musadandaule. Ndikhoza kumakubwerekani usiku, mtengo tigwirizana. Kungoti gemu yanu ya ku Skellige ili pamwamba pa wadirobu, ndiye muyambira m'bafa muja."