Nandolo wa ku Chigwa, mtengo wa ku India: mbiri ya sikelo yathu pa Ngabu

Bizinesi yathu yogula ndi kugulitsa mbewu inayamba m'chaka cha 2014 pa Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndi mpamba umene ine ndi mayi a kunyumba tinaupeza titagulitsa thonje ndi mbuzi zingapo. Tinali ndi sikelo imodzi yopachika, kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, ndi njinga yakapalasa. Poyamba tinkagula khobwe, mapira ndi chitowe, zimene ndi mbewu za kuno kuchigwa, koma posakhalitsa tinaona kuti ndalama yeniyeni inali mu nandolo wochokera kumtunda, monga ku Chapananga, ku Chididi ndi m'midzi ya kutsidya kwa Shire imene ili m'munsi mwa mapiri a Thyolo. Tikasonkhanitsa matumba okwana galimoto, tinkakwera nawo chitunda cha Thabwa kukawagulitsa ku Limbe kwa amalonda akuluakulu amene amatumiza mbewu kunja, makamaka ku India, kudzera ku Beira ndi ku Nacala.

Zaka ziwiri zotsatira zinatipatsa chithunzi cholakwika cha malonda amenewa. Mvula inavuta ku India mu 2014 ndi mu 2015, ndipo pofika mu Okutobala 2015 nandolo wokonola anali kugulitsidwa pa marupi pafupifupi 200 pa kilogalamu m'mizinda ya kumeneko. Kuno tinali tisanaiwale madzi osefukira a mu Januwale chaka chomwecho, koma ogula a ku Limbe ankatiimbira foni ngakhale usiku kufunsa ngati tili ndi katundu, ndipo aliyense amene anali ndi sikelo anasanduka venda. Alimi nawonso anawonjezera minda, ena mpaka kuchepetsa thonje.

Mu 2017 zinthu zinatembenuka. India anakolola nandolo woposa matani 4.8 miliyoni, wochuluka kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo, ndipo mu Ogasiti boma la kumeneko linalamula kuti nandolo wolowa kuchokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Anzathu a ku Mozambique anali ndi pothawira chifukwa anali atasainirana pangano lawolawo ndi India mu 2016, pamene ife Amalawi tinalibe. Lamulolo linatuluka kukolola kuli m'kati. Bambo wina wachikulire wa ku Chapananga, amene tinkagula kwa iye chaka ndi chaka, anafika ndi matumba pa ngolo, ndipo nditamuuza mtengo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanawe, kodi nandolo wa chaka chino wasiyana pati ndi wa chaka chatha?" Nandoloyo anali yemweyo, woyera bwino ndi wouma, koma ine ndinalibe womugulitsa pa mtengo woposa umenewo.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho, wogula wina wa ku Limbe anandiuza kuti alimi a ku Canada nawonso akulira, chifukwa India anali ataika msonkho wa 50 peresenti pa nsawawa zachikasu mu Novembala ndi wa 30 peresenti pa mphodza zofiira, zimene Amwenye amazitcha masur, mu Disembala. Apa m'pamene ndinayamba kutsatira masur, mbewu imene kuno kuchigwa sitilima n'komwe, ndipo mpaka lero ndimaitsatira ngati kuti ili m'nyumba yanga yosungiramo katundu.

Chifukwa chake n'chakuti banja la ku India limadya ndiwo za mtundu wa chipere pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nandolo akakwera mtengo, mayi wa pakhomo kapena mwini malo odyera amatha kusinthira ku masur kapena kusakaniza ndi nsawawa zachikasu. Choncho mtengo wa nandolo wathu uli ndi denga, ndipo dengalo limaikidwa ndi kuchuluka kwa mbewu zinazi pa msika wa dziko lonse. Canada ndiye wakhala akutsogola potumiza masur kunja, ndipo zambiri zimalimidwa m'chigawo cha Saskatchewan, kumene amadzala mu Meyi n'kukolola mu Ogasiti ndi Sepitembala. Australia, amene wakula kwambiri pa malondawa m'zaka zaposachedwa, amakolola chakumapeto kwa chaka m'zigawo za South Australia ndi Victoria. Nandolo wa ku India mwini, amene amalimidwa kwambiri ku Maharashtra ndi ku Karnataka, amadzalidwa mu Juni ndi Julayi ndipo amayamba kufika pa msika mu Disembala ndi Januwale. Mwayi wathu wonse uli pa miyezi yochepa ya pakatiyi: timakolola kuyambira Julayi mpaka Okutobala, pamene nkhokwe za ku India zapungula ndipo mbewu yawo ikadali m'munda. Sitima ikachedwa kunyamuka pa Beira, katundu wathu amakafika pamodzi ndi wa Australia ndi wa eni dziko, ndipo ogula a ku Limbe amadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake chidwi chawo chimazirala Novembala akamayandikira.

Mwana wathu woyamba, amene anamaliza Fomu 4, ndiye amandiwerengera malipoti pa foni. Bungwe la Statistics Canada limatulutsa kukula kwa malo odzalidwa mu Juni, kenaka chiyerekezo cha zokolola chakumapeto kwa Ogasiti, nthawi yomwe ife tili pakati pogula. Bungwe la ABARES la ku Australia limatulutsa lipoti lake kanayi pa chaka, ndipo la mu Sepitembala ndi limene limatikhudza. Pa India timayang'ana mmene mvula yagwera kuyambira Juni ndi malo amene adzala nandolo. Chaka cha 2021 chinaonetsa phindu la kutsatira zimenezi. Chilala chinagwa ku Canada, ndipo zokolola za masur zinatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.9 miliyoni a 2020 kufika pa 1.6 miliyoni. Mu Meyi chaka chomwecho India anali atachotsa kale malire a nandolo wolowa, ndiponso mu Juni anagwirizana ndi Malawi kuti azigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Tinagula molimba mtima kuyambira kumayambiriro kwa nyengo, ndipo phindu la chaka chimenecho ndi limene linamanga nyumba ya njerwa zootcha imene timasungiramo katundu lero.

Komabe sindifuna kuti wina aganize kuti chiyerekezo cha zokolola ndi mtengo. Mu Disembala 2023 India analola nsawawa zachikasu kulowa popanda msonkho, ndipo sitima zochokera ku Canada ndi ku Russia zinakhuthula katundu wochuluka kwambiri. Nandolo anapitiriza kugulidwa bwino mu 2024 chifukwa mbewu ya ku India inali itavuta, koma pofika 2025 mtengo unali utatsika, ngakhale kuti minda ya alimi athu sinasinthe kwenikweni. Kalata imodzi ya unduna ku New Delhi imatha kufafaniza mawerengero onse amene munthu wachita pa miyezi itatu, ndipo kalata yotero situlutsidwa pa tsiku lodziwika monga mmene amachitira malipoti a zokolola.

Chiyerekezo cha kwathu kuno timachigwiritsa ntchito mwa njira ina. Unduna wa Zamalimidwe umayerekeza zokolola katatu pa nyengo, kudzera mwa alangizi amene amayendera minda, ndipo likulu la Shire Valley ADD, nthambi ya undunawu yoyang'anira ulimi kuno kuchigwa, lili pa Ngabu pompano. Pa wailesi zimene zimamveka kwambiri ndi za chimanga, ndipo ena mwa amalonda anzanga amati zimenezo sizikuwakhudza, koma ine ndimaona kuti akulakwitsa. Chimanga chikavuta, monga mu 2024 pamene boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28, mlimi amathamangira kugulitsa nandolo akangomenya kuti agule chakudya, motero katundu amabwera wambiri nthawi imodzi, wina asanaume bwino, ndipo khobwe ndi mapira zimafunidwa kwambiri m'misika ya Nchalo, Bangula ndi Nsanje. Chovuta n'chakuti kuno kuchigwa chiwerengero chimatha kukalamba pa usiku umodzi. Namondwe wotchedwa Ana anabwera mu Januwale 2022 ndipo Freddy mu Malichi 2023, ndiye minda imene alangizi anailemba ili yobiriwira inasanduka mchenga lipoti lotsatira lisanatuluke, misewu inaduka, ndipo katundu amene anapulumuka sakanatha kukwera ku Blantyre.

Palinso chinthu chimene lipoti la ku Canada silinganene, ndicho kutentha kwa pa Ngabu. Mu Okutobala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo nandolo wouma akakhala m'thumba wamba kwa masabata ochepa, anankafumbwe amamuboola mpaka ukapisa dzanja umatulutsa ufa. Pa chifukwa ichi thumba lililonse limakhuthulidwa pa lona tisanalipime. Mayi a kunyumba amaluma njere zingapo, ndipo ikapanda kulira pa dzino amabweza kuti akayanikenso. Amayi amene timawalemba ganyu amapeta ndi malichero, kusefa mchenga ndi kutola njere zofumbwa, popeza ku Limbe amadula mtengo pa zinyalala ndi chinyezi. Katundu amene tikufuna kusunga amalowa m'matumba a pulasitiki osalowa mpweya, amene ndi okwera mtengo, ndiye sitingasunge wambiri ngakhale malipoti atalonjeza zabwino.

Lamulo limene timayendera tsopano ndi lakuti gawo lalikulu la nandolo lichoke m'manja mwathu Okutobala asanathe. Timasunga pang'ono pokhapokha ngati mvula yavuta ku India komanso zokolola za Canada ndi Australia zikuoneka zochepa, zonse pamodzi, ndipo sititenga ngongole kuti tisunge mbewu. Kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunatikumbutsanso kuti mtengo ukhoza kukwera pa pepala pamene mafuta a galimoto, matumba ndi mankhwala zadya kale kusiyanako. Theka la mpamba wathu tinalisamutsira ku khobwe, mapira ndi chitowe, ndipo nandolo wina timamugulitsa konkuno kwa ophika m'misika ndi kwa ogulitsa pa mbale, amene sadikira za ku New Delhi. Alimi amene timagula kwa iwo timawauza zimene tamva mu Juni, asanayambe kukolola, kuti amene akufuna kusiyako wina wa ndiwo kapena wa mbewu aganize nthawi ilipo.