Ndalama zothandizira omangidwa a vuto la mowa ziyambire m'chitokosi

Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, akamangidwa amasiya mowa mwadzidzidzi, ndipo thupi limakana. Pakatha maola 6 mpaka 24 manja amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, akusanza, tulo osabwera. Ena amagwa ngati akhunyu tsiku loyamba kapena lachiwiri. Zikafika tsiku lachitatu ndiye poopsa: ena amabwebweta, amaona tizilombo tikuyenda pakhoma, mtima ukugunda mothamanga, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kufa. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Ndiye kuti nthawi yoopsayi imamupeza ali m'chitokosi ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, mwina atangolowa pa rimandi kundende ya Chikwawa kapena Nsanje, m'chipinda chothinana, mu Okutobala kukutentha kupitirira madigiri 40.

Ndalama yoyamba ipite pamenepa. Zofunika zake sizodula. Pali fomu ya mafunso 10 ya bungwe la WHO yotchedwa AUDIT, yoyezera kukula kwa vuto la mowa, yomwe namwino amamaliza m'mphindi zochepa; wopeza mapointi 20 kapena kuposa ndiye wofunika kumuyang'anira usana ndi usiku. Dokotala amalemba diazepam, piritsi lokhazika thupi pansi ndi kuteteza kugwa ngati wakhunyu, kawirikawiri 10 mg mpaka kanayi pa tsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kuti pakutha sabata akhale atasiya, komanso vitamini wa thiamine 100 mg pa tsiku kwa masiku asanu woteteza ubongo. Pamwamba pake Thanzi ORS, madzi akumwa okwanira, kachida koyezera shuga ndi koyezera malungo.

Zoyezera ziwirizi musazione kuchepa. Kuno kuchigwa cha Shire munthu wotentha thupi, wobwebweta, aliyense amangoti malungo, ndipo nthawi zina amakhaladi malungo, kapena shuga watsika, kapena anamenyedwa m'mutu pomugwira. Kumupatsa diazepam osayeza n'kubisa matenda. Amene maso achita chikasu, mimba yatupa, chiwindi chake chatopa kale, ameneyo ndi wa kuwodi. Ndipo piritsi amwere pamaso pa namwino, n'kulembedwa m'kaundula, chifukwa likalowa m'selo limasanduka ndalama yogulira fodya ndi sopo.

Nanga alipira ndani? Apa ndi pamene nkhani imafera. Apolisi ndi andende ndalama zawo zimachokera ku likulu, makhothi ali ndi thumba lawolawo, chipatala cha boma chimadalira bajeti ya khonsolo. Aliyense amaloza mnzake. Chindapusa chimene majisitireti amagamula kwa wopezeka ndi chamba chimapita kuthumba lalikulu la boma, osabwereranso kwa wodwalayo. Msonkho wa mowa umene MRA imatolera nawonso njira yake ndi yomweyo. Dziko lili ndi ndondomeko ya mowa yomwe inakhazikitsidwa mu 2017, masacheti analetsedwa mu 2015, koma ndondomeko yopanda mzere wake m'bajeti siigula mafuta a njinga yamoto.

Ine ndimaona kuti poyambira ndi pa dongosolo la pachaka la zaumoyo la boma lililonse. Makhansala ndi mafumu a m'khonsolo za Chikwawa ndi Nsanje aumirire mzere wolembedwa dzina: mafuta oti namwino wa matenda a maganizo afike kundende sabata iliyonse, mankhwala atchulidwawa, ndi yuniti ya foni yoti wapolisi wa usiku amuimbire akaona womangidwa wayamba kunjenjemera. Aphungu nawonso amenyere kuti kagawo ka msonkho wa mowa kapatulidwe mwalamulo. Mabungwe akabwera ndi thandizo, tiwafunse kuti ndalama zingati zifika kwa wodwala, chifukwa zambiri zimathera m'maalawansi a maphunziro, pulojekiti n'kutha patapita zaka ziwiri odwala ali pakati pa njira.

Kumanga chipatala chachikulu cha omwerekera kungadikire. Pakadali pano wa ku Nsanje akafuna chithandizo chapadera ayenera kukwera Thabwa, kudutsa Blantyre mpaka ku Zomba Mental Hospital, ulendo woposa makilomita 200, pomwe zipatala za matenda a maganizo za St John of God zili ku Lilongwe ndi Mzuzu. Ambiri safunika kufika kumeneko. Wa chamba, pokhapokha mutu utasokonekera, alibe piritsi lomusiyitsa. Chimamuthandiza ndi uphungu wobwerezabwereza.

Khothi likhoza kupulumutsa ndalama zambiri. Wopalamula mlandu waung'ono, monga ndewu ya pamowa, angapatsidwe ntchito yothandiza kudera kapena chilango choimikidwa, ndi lamulo loti azionekera kuchipatala. Alangizi a malamulo a PASI, amene amayendera ndende kale, angathe kuloza otere msanga. Koma lamulolo limagwa pa thiransipoti. Wa ku Makhanga kapena Muona, madzi akasefukira, sangafike pa boma, ndipo amalembedwa kuti wathawa. Choncho azionekera pa chipatala chaching'ono cha kwawo, mlangizi wa zaumoyo akhale ndi dzina lake, ndipo wodula nzimbe ku Nchalo amuikire tsiku loonana ndi namwino malipiro asanatuluke, osati atatuluka kale.