Masiku atatu ku Cannes Lions

Ndinatsika sitima yochokera ku Nice mumzinda wa Cannes, ku France, cha m'ma 10 koloko m'mawa, dzuwa la June litayamba kale kuswa mtengo. Panalibe chofunsira njira. Aliyense wobwera ku Cannes Lions, mwambo wa otsatsa malonda, anali ndi baji yolendewera m'khosi, ndiye ndinangolondola chikhamucho mpaka ku Palais des Festivals, nyumba yomwe ija imachitikira mwambo wa mafilimu mwezi wa May.

Mwambo wa otsatsa malondawu unayambira ku Venice mu 1954, ndipo mkango umene opambana amalandira anautengera ku chifanizo cha pa bwalo la San Marco. Ku Cannes unadzakhazikika mu 1984. Pa nthawiyo nkhani inali ya mafilimu afupiafupi a malonda. Lero mukayenda mu msewu wa La Croisette mupeza kuti gombe analigawana a Meta, Google, Spotify ndi Pinterest, eni malo amene malonda amaonekera pa foni zathu. Opanga malondawo akhala ngati alendo pa ukwati wawo womwe. Tenti iliyonse ndimalowa, mawu anali amodzimodzi: AI, AI, kunena makina a kompyuta otsanzira nzeru za munthu. Pofika tsiku lachiwiri makutu anali atatopa.

Chimene chinanditsitsimutsa chinali kunsi kwa Palais, kumene amapachika ntchito zopikisana. Kulibe phokoso. Anthu amayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo, kuwerenga bolodi ndi bolodi. Mayi wina wa imvi, amene anati wakhala akulemba mawu a malonda kwa zaka zambiri, anandikumbutsa za Fearless Girl, kachifanizo ka mtsikana wogwira m'chiuno kamene a kampani yotsatsa malonda ya McCann anakaimika moyang'anizana ndi chifanizo cha ng'ombe cha ku Wall Street, ku New York, mu 2017. Kanatenga ma Grand Prix anayi, mphotho zapamwamba za mwambowu, chaka chomwecho. Sanagule nthawi pa wailesi kapena pa kanema. Odutsa ankajambula okha n'kufalitsa. Mayiwo anangogwedeza mutu, n'kupitirira.

Pakona ina ndinapeza achinyamata awiri a mpikisano wa Young Lions atakhala pansi penipeni, pafupi ndi soketi, poti laputopu inali itatsala pang'ono kuzima. Amapikisana awiriawiri, ndipo m'magawo ambiri amapatsidwa maola 24 okha kuti apange ntchito yonse. Mtsikana ndiye ankalemba mawu, mnyamata ankakonza zithunzi. Tsamba la kope lake linali lakuda ndi mizere yokhwatcha, ndinawerenga khumi ndi inayi. Unatsala umodzi, wa mawu asanu, wozunguliridwa kawiri.

Ndinamufunsa ngati sakuopa kuti makina a AI amulanda ntchito asanaiyambe n'komwe. Anaseka, nati makinawo anamupatsa kale mizere makumi asanu m'mawa, koma kusankha woyenera ndiye kunamudyera tsiku lonse. Mnzake anamukoka dzanja, kumulozera wotchi. Ndinawasiya akukanganabe ngati mawuwo akhale pamwamba pa chithunzi kapena pansi.