Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Kukhala ndi warfarin

M'gawo lapita ndinalekezera pamene madokotala anapeza kuti magazi aundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo wanga, matenda amene iwo amawatcha DVT. Kuchokera pamenepo moyo wanga wakhala ukuyendera kapiritsi kotchedwa warfarin. Gawo lino ndi la kapiritsi kameneka, chifukwa ambiri amene amapatsidwa mankhwalawa amangouzidwa kuti "muzimwa kamodzi patsiku", zotsalazo n'kumaziphunzira zinthu zitavuta kale.

Warfarin sasungunula magazi amene aundana kale. Thupi ndi limene limagwira ntchito imeneyo pang'onopang'ono. Mankhwalawa amangoletsa kuti chibuluma cha magazi chotseka mtsemphacho chisakule, chisabadwe china, komanso kuti kachidutswa kasathothoke n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, poti kumeneko ndiye kuli imfa. Chiwindi chimafuna vitamini K kuti chipange zinthu zinayi zoundanitsa magazi, ndipo warfarin amasokoneza ntchito ya vitamini ameneyu. Koma zimene chiwindi chinapanga kale zimakhala zikuyendabe m'magazi, choncho mankhwalawa amatenga masiku pafupifupi 5 kuti agwire mokwanira. N'chifukwa chake poyamba amakubayaninso jakisoni wa heparin, mankhwala ena oletsa magazi kuundana amene amagwira msanga, kawirikawiri mtundu wake wotchedwa enoxaparin, pakhungu la pamimba, kwa masiku osachepera 5. Amene amasiya jakisoni msanga poganiza kuti mapiritsi akwanira amakhala alibe chitetezo pa nthawi imene ngozi ili yaikulu koposa.

Zonse zimayendera nambala imodzi yotchedwa INR, imene imasonyeza kuchedwa kwa magazi kuundana. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala pa 1. Wa DVT, kapena amene mtima wake umagunda mosalongosoka, amafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ena amene anaikidwa valavu yachitsulo mumtima amawaikira 2.5 mpaka 3.5. INR ikatsika kupitirira malire, magazi akhoza kuundananso. Ikakwera kwambiri, mukhoza kutaya magazi m'kati osadziwa. Poyamba amayeza pafupipafupi, mwina kawiri pa sabata, ndipo ikakhazikika amatalikitsa mpaka milungu inayi kapena kuposerapo. Dokotala akamasintha mlingo amawerengera mamiligalamu a sabata yonse n'kuwonjezera kapena kuchotsa pang'ono chabe. Choncho musadabwe kuuzidwa kuti Lolemba ndi Lachinayi muzimwa theka, masiku enawo lathunthu. Lembani m'kabuku: tsiku, INR, mlingo.

Kunena zoona, mdani wamkulu wa munthu womwa warfarin ndi kusintha. Mlingo umene munapatsidwa unayezedwa molingana ndi mmene mumadyera, mmene mumamwera ndi mankhwala ena amene munali nawo pa nthawiyo. Chimodzi chikasintha, nambala ija imasunthanso.

Titenge nkhani ya ndiwo zamasamba. Masamba obiriwira kwambiri ali ndi vitamini K wambiri, ndiye pali anthu amene amauzana kuti womwa warfarin asadye masamba. Langizo limeneli ndimatsutsana nalo. Idyani masamba, koma mofanana sabata ndi sabata. Vuto limabwera mukadya ochuluka mlungu uno, INR n'kutsika, dokotala n'kuwonjezera mlingo, kenako inu n'kuwasiya mlungu wamawa: pamenepo nambala imakwera. Kutsegula m'mimba, kutentha thupi, kapena kukhala masiku angapo osadya bwino kumaikwezanso. Mowa wambiri pa nthawi imodzi nawo umachita chimodzimodzi, n'kuwonjezerapo ngozi ya kugwa.

Mankhwala ena ndiwo amapweteketsa anthu ambiri. Cotrimoxazole, metronidazole, ciprofloxacin, erythromycin, fluconazole ndi amiodarone amakweza INR, ena mwa iwo m'masiku ochepa okha. Rifampicin wa chifuwa chachikulu ndi carbamazepine wa khunyu amaitsitsa, moti munthu angafunike mlingo wochuluka kwambiri, ndipo akamaliza mankhwala a TB mlingowo uyenera kutsitsidwanso. Ambiri amaiwala apa. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac mwina sangasinthe nambala, koma amakanda m'mimba ndi kufooketsa timaselo totseka mabala, ndiye magazi amatuluka INR ili bwinobwino. Pa ululu, paracetamol ndiye wabwinoko, ngakhale nayenso mukamumwa wambiri kwa masiku angapo amakweza nambala. Mankhwala azitsamba musawayambe musanafunse. Aliyense amene akukulemberani mankhwala, ngakhale wozula mano, mumuuze musanakhale pansi kuti mumamwa warfarin. Pa opaleshoni yaikulu amakusiyitsani masiku pafupifupi 5 lisanafike tsikulo, koma wosankha zimenezo ndi dokotala, osati inu.

Imwani nthawi yofanana tsiku lililonse. Madzulo ndi pabwino chifukwa mukayezetsa m'mawa, mlingo watsopano umayamba tsiku lomwelo. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, pitirizani mwa nthawi zonse osaphatikiza awiri. Ndipo musadalire mtundu wa piritsi: ku Britain la pinki ndi la mamiligalamu 5, pamene ku America la pinki ndi la miligalamu imodzi. Werengani nambala ya papaketi.

Kutuluka magazi pang'ono m'nkhama potsuka mano, kapena mikwingwirima yaing'ono, n'kofala, ngakhale n'koyenera kukutchula popita kokayezetsa. Zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo ndi izi: chimbudzi chakuda ngati phula, mkodzo wofiira, kusanza magazi, kamfuno wosasiya mutatsina mphuno kwa mphindi 10, mutu wopweteka mwadzidzidzi, kufooka mbali imodzi ya thupi. Mukamenyetsa mutu, pitani ngakhale mukumva bwino, poti magazi a m'bongo amatha kudontha mwakachetechete kwa maola ambiri. Kuchipatalako ali ndi njira yothetsera mphamvu ya warfarin pogwiritsa ntchito vitamini K ndi madzi a m'magazi.

Amayi, warfarin amavulaza mwana wosabadwa, makamaka pakati pa sabata ya 6 ndi ya 12. Amene akufuna kutenga pakati akambirane ndi dokotala pasadakhale kuti asinthidwire ku jakisoni wa heparin. Kuyamwitsa kulibe vuto. Msambo ukhoza kuchuluka, ndipo zikatero nenani, musangopirira.

Masiku ano kuli mapiritsi ena oletsa magazi kuundana, rivaroxaban ndi apixaban, amene safuna kuyeza INR. Rivaroxaban pa DVT amayamba ndi mamiligalamu 15 kawiri patsiku kwa masiku 21, kenako 20 kamodzi, ndipo amamwedwa ndi chakudya kuti alowe bwino m'thupi. Koma amatha msanga m'magazi, choncho kudumpha tsiku limodzi n'koopsa kuposa pa warfarin. Amafunanso kuti impso ziziyezedwa, ndipo saloledwa kwa amene ali ndi valavu yachitsulo.

DVT yobwera chifukwa chodziwika, monga opaleshoni kapena kugona nthawi yaitali, imafuna mankhwala kwa miyezi yosachepera itatu. Ikabwereranso, kapena chifukwa chake chikapanda kupezeka, amatha kukuuzani kuti mupitirize kwa zaka. Ine ndili m'gulu lachiwirili, ndipo mmene madokotala anafikira pa chiganizo chimenecho ndi nkhani ya gawo 10.