Mwana wongolera akhale wanu mwalamulo: mmene ndimayendetsera nkhaniyi ku Zomba

Monga loya, banja likandipeza ndi mwana amene likumulera mongoyembekezera n'kufuna kuti akhale wawo mwalamulo, ndimayamba ndi funso limodzi: anafika bwanji pakhomo panu? Yankho lake limandiuza ngati nkhaniyi idzathe msanga kukhoti kapena fayilo idzagona m'kabati.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati mwana wotayidwa kapena wozunzidwa akatengeredwa kumalo otetezeka, aonekere ku Khoti la Ana pasanathe maola 48. Khoti limeneli ku Zomba liliko. Choncho ndimafuna mapepala a masiku oyambirirawo: lipoti la apolisi a Victim Support Unit, kalata ya kuchipatala ngati mwanayo anadutsira ku Zomba Central Hospital, ndi chigamulo chomuika m'manja mwa olera. Ena sakhala ndi pepala ngakhale limodzi, anangomulandira mwachifundo. Zikatero timayamba tapita ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, ya Social Welfare, kuti mwanayo alowe m'mabuku ndipo ofesala ayambe kuyendera pakhomopo.

Chimene chimachedwetsa kwambiri ndi kufunafuna abale. Woweruza sangadule ubale wa mwana ndi makolo ake asanakhutire kuti anawafunafuna mokwanira, ndipo apa sindimutsutsa: ngati kuli agogo kapena azakhali otha kumusunga bwino, kumeneko n'kwawo ndithu. Kunonso n'kwa chikamwini, amalume ake a mwana ndiwo mwini mbumba. Mukawadumpha, amadzatulukira tsiku la mlandu n'kukana, zonse n'kubwerera pambuyo. N'chifukwa chake ndimapita kumudzi ndi ofesala wa Social Welfare, timakhala pansi ndi amalume pamaso pa anyakwawa, ndipo chilolezo chimalembedwa n'kusainidwa. Chapakamwa kukhoti sichiwerengedwa. Ngati kholo linamwalira, pakhale umboni wa imfayo. Ngati linathawa kapena silikupezeka, lamulo limalola khoti kupitirira popanda chilolezo chake, koma tionetse midzi imene tinafikako, masiku ake ndi anthu amene tinawafunsa. Ntchito imeneyi iyambe mwana akangofika, zizindikiro zisanafufutike. Pakapita zaka, amene anamuona mayiyo amakhala atasamuka.

Ndisanalembe pempho ndimayeza olerawo ndi lamulo lotengera mwana kukhala wako. Wopempha akhale wazaka zosachepera 25, ndipo amupose mwanayo ndi zaka zosachepera 21, kupatula pamene ali wachibale khoti likhoza kufewetsa za kusiyana kwa zakaku. Bambo wopempha payekha sapatsidwa mwana wamkazi pokhapokha pali zifukwa zapadera. Wapabanja sangapemphe mnzake asanavomere. Ndalama yopatsa makolo a mwana, ngakhale muitche yothokoza, ndi yoletsedwa popanda chilolezo cha khoti, ndipo ikadziwika imaononga pempho lonse.

Pempholo limapita ku Khoti Lalikulu, lomwe lili ndi nthambi ku Zomba konkuno, limodzi ndi chikalata cholumbira, setifiketi ya kubadwa kwa mwana yochokera ku NRB (nthambi ya boma yoona za kalembera wa anthu), ziphaso za olera, setifiketi ya ukwati ndi umboni wa mmene amapezera ndalama. Ndimaonetsetsa kalembedwe ka dzina. Khadi la kusikelo likalemba mwina, setifiketi mwina, jaji amabweza kuti zikonzedwe kaye. Amene sangakwanitse loya akafunse ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu.

Kenako khoti limasankha woimira mwanayo, kawirikawiri ofesala wa Social Welfare. Iyeyu si wa olera kapena wa abale. Ntchito yake ndi kuona pogona, chakudya, sukulu ndi mmene mwanayo amamasukira ndi anthu a pakhomopo, n'kulembera jaji lipoti. Tsiku la mlandu likafika lipotilo lisanalembedwe, nkhani imaimitsidwa. Ndiye ndimakumbutsa ofesiyo kudakali milungu, osadikira dzulo lake.

Nkhaniyi imamvedwa m'chipinda cha jaji, osati pagulu. Muyeso wake ndi wa gawo 23 la malamulo aakulu a dziko: chomukomera mwanayo. Mwana wozindikira amafunsidwa maganizo ake, ndipo ndimachenjeza olera kuti asamuphunzitse zokanena, chifukwa oweruza amazindikira msanga. Jaji akakayikabe, akhoza kupereka chigamulo choyembekezera cha zaka zosapitirira ziwiri, Social Welfare ikuyenderabe. Kumeneko si kukanidwa.

Chigamulo chomaliza chikatuluka, ndimatenga makope osindikizidwa chidindo cha khoti n'kutsatira kuti dzina la mwanayo lalowa m'kaundula wa ana otengedwa mwalamulo kwa Registrar General. Olera ambiri amaona ngati pepalali ndi losafunika poti mwanayo anazolowera kale. Koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerenga mwana wotengedwa mwalamulo ngati wobala, pamene wongoleredwa, olera akamwalira, abale angamuuze kuti si wa pamenepo. Kope limodzi lisungidwe pamodzi ndi wilo, lina lipite kusukulu kuti asinthe dzina m'kaundula wawo.